Wailesi Imene Amalume Anasankha Atatseka Maso

Sabata yathayi tinachita sadaka ya arubaini, ija ya patatha masiku makumi anayi munthu atamwalira, ya amalume anga, a Selemani, kwawo kufupi ndi Benga. Anthu anabwera ambiri, mpunga unakwanira, ashehe anawerenga dua. Ena atabalalika, amuna otsala anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukumbutsana za malemuwo. Monga ndinkayembekezera, nkhani yoyamba inali ya wailesi.

"Kodi si aja anakagula wailesi ya m'galimoto atadziphimba kumaso ndi kofia?" anatero wina.

Pafupifupi onse anaseka. Nanenso ndinaseka, chifukwa zinachitikadi, ndipo ndinalipo. Koma ambiri amangodziwa mbali yoseketsayo. Chimene chinawafikitsa amalume m'sitolo muja sachidziwa bwino, kapena anachiiwala. N'chifukwa chake ndalemba izi.

Pagulupo panali mkulu mmodzi amene anangomwetulira osaseka. Anali a Barnaba, mphunzitsi wopuma wa kwa Mwadzama, Mkhristu wa Angilikani, amene anakhala pamkeka tsiku lonse pakati pa Asilamu ngati m'bale wa m'nyumba. Iwowo amaidziwa nkhaniyi kuposa ine. Ndinawapempha chilolezo ndisanalembe. Anati ndilembe, bola ndisawakometse a Selemani mopitirira, chifukwa akanakhalapo akanakwiya.

Amalume anali mlongo wa mayi anga. Moyo wawo wonse wauchikulire anayendetsa pikapu yoyera pakati pa Benga ndi kuboma, ndipo masiku ena ankalowa m'midzi kukatenga matumba a mpunga, chinangwa chouma ndi anthu. Anali afupi, a mapewa otambalala, ndipo manja awo anali aakulu kuposa thupi lawo. Zingwe zomangira katundu ndi masipanala zinaumitsa zala zawo mpaka khungu linali ngati chikopa cha ng'oma. Ankatha kuzula chinanazi ndi manja osamva minga.

Ankayendetsa pang'onopang'ono. Ndikati pang'onopang'ono ndikutanthauza kuti anyamata a njinga zamoto ankawadutsa akuwapatsa moni. Wokwera akadandaula, ankamuuza kuti atsike, atsogole wapansi, akawauze a kutsogolo kuti tikubwera. Ndiwo anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto. Chimene ankabwereza kwambiri chinali chakuti maso a dalaivala si ake, ndi a anthu amene wanyamula, choncho alibe ufulu woyang'ana nawo china chilichonse kupatula msewu. Zina zonse za m'galimoto, ankatero, dzanja lizidziwe palokha.

Sanali munthu wopanda zilema. Anali amakani. Munthu akaiwala katundu pamene wakwerera, amalume sankabwerera, ngakhale atangoyenda pang'ono. Anakangana ndi pafupifupi aliyense wogulitsa nsomba amene anayesa kusanjika dengu la usipa pamwamba pa mpunga wa anthu. Ndipo anali ndi chilema china chimene ife a m'banja tinkachidziwa bwino: akalakwa, sankatha kuyang'ana munthu kumaso. Sankakana kulakwako. Ankangosowa. Mayi anga ankati kuyambira ali ana, Selemani akaswa mtsuko ankakakhala kumunda mpaka njala itamubweza.

Wailesi yawo yakale inali ya kaseti, yokhala ndi mabatani awiri opotokola. Khomo la kaseti linafa kalekale, koma iwo sanadandaule. Ankamvera nkhani ndi mauthenga a maliro basi. Akamva dzina la munthu wa m'dera lathu, ankatsitsa katundu amene anali naye, n'kutembenuza galimoto. Ananyamula jeneza la Asilamu, ananyamula mabokosi a Akhristu, ananyamula nkhuni ndi amayi olira. Sindinawamvepo akufunsa kuti womwalirayo ankapemphera kuti.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti nthambi zamasamba zikagonekedwa pamsewu, pafupi pali maliro. Wanjinga amatsika n'kuyenda wapansi. Wachipewa amavula. Woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa nyimbo. Amalume mwambo umenewu unawalowa m'mafupa. Masamba akangoonekera patali, dzanja lawo lamanzere linkachoka pa giya, kupita pa wailesi, kupotokola batani mpaka limveke kuti "ka", n'kubwerera. Ankachita zimenezi ali pakati pa nkhani, osadukiza mawu. Ndikukhulupirira kuti nthawi zambiri sankadziwa n'komwe kuti azimitsa.

Ubwenzi wawo ndi a Barnaba unayamba ine ndisanabadwe. Ankasewera bawo limodzi, ankakangana za mpira, za ndale ndi za mitengo ya feteleza, koma za chipembedzo sankakangana. A Barnaba ankawatcha amalume kuti Nahodha, dzina la woyendetsa ngalawa zakale za matanga, ponena kuti pikapu yawo imadikira mphepo. Amalume ankawatcha iwo Mwalimu, kutanthauza mphunzitsi. Tsiku lopita kuboma, mpando wakutsogolo unali wa a Barnaba ndi akazi awo, mayi Esitere. A Barnaba ankakhala kuchitseko, mayi Esitere pakati. Ine ndikakhalapo ndinkakwera kumbuyo, pafupi ndi kazenera, ndipo ndinkamva zonse.

"Nahodha, kodi lero tifika? Kapena titumize uthenga kuti atiyembekezere mawa?"

"Mwalimu, zaka zonse zija mukuuza ana a eni kuti akhale chete, inuyo phunziro limenelo munalijomba?"

"Onani, nkhuku ija yatidutsa."

"Nkhuku ilibe anthu kumbuyo. Tsikani muitsate."

Zikafika pamenepa, mayi Esitere ankangotambasula dzanja, kugwira batani la wailesi, n'kukweza mawu pang'onopang'ono mpaka amuna awiriwo asiye kumvana. Kenako ankatsitsa n'kufunsa kuti, "Mwatha? Ndiye timve nkhani." Pa anthu onse okwera galimoto ija, iwo okha ndi amene amalume ankawalola kugwira wailesi.

Wailesi yakaleyo itafa, mwana wa amalume, Yusufu, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza ina. Anatumiza ndi mtima wonse, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Inali galasi lokhalokha, lalikulu ngati buku la kusukulu, lopanda batani ngakhale limodzi. Zonse unkachita pokhudza galasilo. Yusufu anaikamonso kafulashi kodzaza nyimbo za kumeneko, zija zogunda pachifuwa. Woika mawailesi kuboma anakulitsa bowo la pa dashibodi kuti ikwane, kafulashi anakabisa m'kakabati ka galimoto, ndipo mawaya anawalumikiza molunjika ku batire. Anati potero mkulu azitha kumvera podikira okwera, injini itazima.

Amalume anainyadira chifukwa inachokera kwa mwana. Ankaipukuta ndi kansalu m'mawa uliwonse. Koma kuigwiritsa ntchito kunawakanika. Akaikhudza ndi chala chawo chouma chija, nthawi zina sinkamva. Nthawi zina inkamva mopitirira n'kutsegula zinthu zimene sanazifune. Dzuwa likawomba pagalasipo, sipankaoneka kanthu. Mapeto ake anayamba kungoisiya yakuda, itagona, n'kumayenda mwakachetechete.

Mayi Esitere anakwera kamodzi kokha wailesiyo ilipo, popita kuchipatala, chifukwa anali atayamba kale kudwala. Amuna aja atayamba mkangano wawo, mayiwo anatambasula dzanja mwachizolowezi. Anafufuza pogwira, osapapeza. Anabweza dzanja pamwendo.

"Iyi si yanga," anatero. "Lero mukangana mpaka kuboma."

Sanachire. Uthenga wa imfa yawo unabwera pafoni m'mawa wina. Amalume sanamwe n'komwe tiyi. Tinakweza nkhuni, matumba a ufa ndi amayi ena a mumpingo wa malemuwo, n'kunyamuka. Ine ndinakhala kutsogolo. Wailesi inali yakuda, yopanda mawu, monga mwa masiku onse. Tinasiya msewu watala n'kulowa wafumbi. Titayandikira pakhomo pa a Barnaba, masamba anaonekera pamsewu.

Dzanja lawo lamanzere linachoka pa giya n'kupita pa wailesi kuti likazimitse, monga linkachitira zaka zonse. Linakhudza galasi. Wailesi inadzuka.

Sindidziwa mmene ndingafotokozere phokoso lija. Nyimbo ya ku Joni inatuluka m'masipika onse, ng'oma zake zikugwedeza zitseko. Amalume anakhudzanso galasi, mawu anakwera. Anakhudza pena, anakweranso. Nanenso ndinayesa, koma dzuwa linali pagalasipo ndipo sindinkaona chimene ndikugwira. Za kafulashi ka m'kabati palibe anakumbuka. Amalume anaponda buleki n'kuzimitsa galimoto ndi kiyi. Injini inazima. Nyimbo sinazime, chifukwa mawaya aja anali ku batire. Tsopano inamveka bwino kuposa poyamba, ndipo tinali titaima pabwalo penipeni pa siwa.

Amayi amene ankaimba m'nyumba analeka. Amuna amene anakhala panja anaimirira. Tiana tina kuseri kwa nkhokwe tinayamba kuvina, mayi wina n'kutithamangitsa ndi chitenje. Amalume anatsika, kutsegula boneti, kufufuza sipanala, n'kumasula batire. Kenako kunali zii.

A Barnaba anali ataima pakhomo la nyumba. Ankangoyang'ana mnzawo.

Amalume anatsitsa nkhuni ndi ufa atazyolika. Ine ndinali nditakumbuka kafulashi kaja n'kukazula. Iwo anamanganso batire, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Iwe tsala. Ine sindingakhale pano." Ndinawagwira mkono. Anandichotsa dzanja mwaulemu, analowa m'galimoto, n'kumapita. Sanalowe m'siwa. Sanapite kutchalitchi, ngakhale kumanda. Bokosi la mayi Esitere linanyamulidwa ndi lole ya munthu wina wongodutsa amene achibale anamupempha.

Tsiku lomwelo amalume anachotsa wailesi ija, kuibwezera m'bokosi lake, n'kuiika pamwamba pa kabati kunyumba. Pa dashibodi panatsala bowo lalikulu, mawaya ali lendelende. Anatsekapo ndi chiguduli. Anayenda choncho miyezi ingapo. Mauthenga a maliro ankawamva kwa anthu, nthawi zina mochedwa. Njira ya kwa a Barnaba anaileka, ngakhale kunali mpunga wofuna galimoto. A Barnaba nawo anayamba kupita kuboma pa minibasi. Bawo linachita fumbi.

Yusufu atamva kuti mphatso yake ili pamwamba pa kabati, zinamupweteka. Anaimba foni ine ndili pompo.

"Bambo, ndinasankha yabwino kuposa zonse zimene zinali m'sitolo."

"Ndi yabwino, mwana wanga. Sindikukana."

"Nanga bwanji? Mukanangophunzira. Ana aang'ono amaitha."

"Ana aang'ono sanyamula maliro. Wailesi yako ndi yabwino kwa munthu wa manja ena. Ukadzabwera udzaitenge, izikuimbira iweyo."

Yusufu anadula foni. Anakhala osayankhulana kwa kanthawi, koma zinatha. Lero wailesiyo ili m'galimoto ya Yusufu, ndipo akuti imagwira bwino ntchito.

Za a Barnaba ndi zimene sizinkatha. Amalume anayamba kuonda. Azakhali, akazi awo, ankati usiku amangotembenuka. Ubwenzi umene unayamba ali anyamata unali kufa onse awiri ali moyo, ndipo aliyense ankaona. Tsiku lina anandiitana n'kundipatsa nkhuku yomanga miyendo kuti ndikapepese m'malo mwawo.

Ndinawapeza a Barnaba pakhonde, akusoka nsapato. Anandilandira bwino. Ndinanena mawu amene ndinatumidwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anavula magalasi.

"Mwanawe, ukawauze a Nahodha kuti nyimbo ija ndinaiiwala kalekale. Mkazi wanga akanaimva akanaseka mpaka kutsokomola. Chimene sindinaiwale ndi fumbi la galimoto yawo ikuchoka pakhomo pano."

Anaika nsapato ija pansi n'kupitiriza.

"Ukudziwa chimene Esitere ananena ali kuchipatala? Anati tsiku langa likadzafika, mudzandinyamule pa galimoto ya a Nahodha, chifukwa ndi yokhayo imene singandithamangitse. Ndinamulonjeza. Ndiye anapita pa lole ya munthu amene dzina lake sindilidziwa, akuthamanga kuti akapitirize ulendo wake."

Anavalanso magalasi n'kutola nsapato ija.

"Nkhukuyi ndalandira chifukwa wabwera nayo ndiwe. Koma nkhuku si mnzanga. Abwere okha."

Nditawafotokozera amalume, anayang'ana pansi. Kenako anati sangapite pakhomo paja ndi chiguduli pa dashibodi, ndiponso sangapiteko ndi wailesi imene sangathe kuitontholetsa. Ine ndinaona ngati akuzemba. Mwina pang'ono ankazembadi. Koma ndazindikira kuti anthu ena sangapepese ndi pakamwa asanakonze kanthu ndi manja. M'mawa mwake anandiuza kuti tipite kuboma.

Sitolo imene tinalowa inali ya mayi wina wogulitsa zipangizo za galimoto, wansangala, wa mawu okweza. Atamva kuti tikufuna wailesi, anayamba kutsitsa zokongola, zowala mitundu yosiyanasiyana.

"Bambo, iyi imalumikizana ndi foni. Iyi imaonetsa kanema. Iyi mukabwerera m'mbuyo imakuonetsani kumene mukupita."

"Kumbuyo ndili ndi khosi," anatero amalume. "Mayi, ine ndikufuna yokhala ndi batani loti ndigwire. Izigwira mawailesi a kuno. Ndikazimitsa galimoto, nayonso izizima. Ndipo mtengo wake usandidyere mbuzi."

Mayiyo anatulutsa ina yakale, yochotsedwa m'galimoto zobwera kuchokera ku Japan. Inali ndi batani labwino, mtengo wake wotsika. Maso a amalume anawala. Koma mayiyo anapukusa mutu.

"Ndisakunamizeni, bambo anga. Izi zimagwira mawailesi ochepa a kuno, ambiri zimawadumpha. Ndiponso zolemba zake ndi za kwawo komweko. Mudzabweranso kudzandilalatira."

"Ndiye ibwezeni. Mauthenga a maliro a ku Japan ine sandikhudza."

Zinatsala zitatu. Amalume anapempha kuti azilumikize ku batire pakauntala pomwepo, imodziimodzi. Anapempha mpando. Anatenga botolo lopanda kanthu n'kuliimika kumanzere kwawo kuti likhale giya. Wailesi anaiika pamene imakhala m'galimoto, patali ndi mkono. Kenako anakokera kofia yawo pansi mpaka inaphimba maso, n'kugwira chiwongolero cha m'malere ndi dzanja lamanja.

"Mayi, kwezani nyimbo. Nthawi ina iliyonse imene mwafuna, mufuule kuti masamba."

"Masamba a chiyani, bambo?"

"A maliro. Inu fuulani basi."

Mayiyo anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti achite. Anakweza nyimbo, anadikira pang'ono, n'kufuula.

"Masamba!"

Dzanja linanyamuka pabotolo. Wailesi yoyamba inali ndi timabatani tating'ono tothithikana, ndipo chala chimodzi cha amalume chinadina tiwiri nthawi imodzi. Nyimbo inasintha n'kukhala ulaliki. Anthu anali atayamba kusonkhana pakhomo la sitolo, ndipo anaseka.

"Chotsani. Ina."

Yachiwiri inali ya nkhope yochotseka, zija amati n'zoteteza kwa akuba. Mayiyo atafuula, dzanja la amalume linafika ndi mphamvu, nkhope ya wailesi n'kugwera pansi. Nyimbo inazimadi, koma amalume anati sangamatole wailesi pansi pa mapazi pa maliro alionse.

Yachitatu inali yakuda, yosakongola, bokosi lake lili ndi fumbi. Inali m'gulu la zotsika mtengo kwambiri. Kumanja kwake, mbali ya dalaivala, kunali batani limodzi lalikulu la mizeremizere. Ukalipotokola mawu ankakwera kapena kutsika. Ukalidina, zonse zinkangoti zii. Inali ndi polowetsa fulashi kutsogolo, poonekera, ndi mabatani ochepa otalikirana osungira mawailesi.

"Masamba!"

Dzanja linapita, linapeza batani, linadina. Zii.

"Bwerezani."

Anabwereza. Zii. Mayiyo tsopano masewerawo anali atamukomera. Anakweza kwambiri, anadikira nthawi yaitali, kenako anafuula kuti, "Mbuzi pamsewu!" Dzanja la amalume silinasunthe pabotolo. Phazi lawo ndi limene linaponda pansi mwamphamvu, pa buleki imene panalibe. Anthu pakhomo anawomba m'manja.

"Bambo inu, mwayendetsa zaka zingati?"

"Zokwanira kuti ndidziwe mbuzi," anatero akukweza kofia. Maso awo anali ofiira. Anthu ankaganiza kuti ndi kofiayo.

Poiika m'galimoto anaima pambali pa woikayo mpaka anamaliza. Anamuuza kuti mawaya adutse ku kiyi. Atamaliza, amalume anayatsa n'kuzimitsa galimoto kangapo, akumvetsera ngati wailesi ikufa pamodzi ndi injini. Popeza bowo lija linali lalikulu, pansi pa wailesi panatsala mpata. Kalipentala wapafupi anadula kathabwa n'kupangapo kashelefu.

Ndinkaganiza kuti tibwerera ku Benga. Koma titafika pamphambano yopita kwa a Barnaba, amalume anakhotera mumsewu wafumbi osandiuza kanthu. Wailesi inkanena nkhani motsitsa. Titafika pamalo pamene panali masamba tsiku lija, dzanja lawo linapita n'kudina batani, ngakhale pamsewu panalibe kanthu. Tinalowa pabwalo la a Barnaba mwakachetechete.

A Barnaba anali pakhonde. Sanaimirire. Amalume anatsika, anavula nsapato, n'kukakhala pansi padothi patsogolo pawo, monga amakhalira munthu wofika pa maliro. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga ndinawaona akuyang'ana kumaso munthu amene amulakwira.

"Mwalimu, ndabwera kudzapepesa maliro a mayi. Ndachedwa."

A Barnaba anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwachedwadi, Nahodha," anatero. "Koma inu kuchedwa munayamba kale. Tinazolowera."

Ine ndinapita kuseri kwa galimoto kukayang'ana matayala amene analibe vuto lililonse. Nditabwerako, amalume ankapempha kuti awaonetse pamene mayi Esitere anagona. Tinadziwitsa mkulu woyang'anira manda a patchalitchi, ndipo anatilola. Tinapita pa pikapu, pa liwiro limene mayiwo anapempha. A Barnaba anakhala kuchitseko, pakati n'kusiyapo malo. Ine ndinakwera kumbuyo, pakazenera kanga. Kumandako amalume anaima kumapazi, atatambasula manja mwa Chisilamu, a Barnaba atawerama mwa Chikhristu. Palibe anafulumiza mnzake.

Pobwerera, a Barnaba anavula magalasi n'kuwaika pa kashelefu kaja ngati anapangira iwo. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira batani la wailesi. Amalume anawasiya. Anapotokola pang'ono, mawu a wowerenga nkhani n'kutuluka. Dzanja lawo linakhala pabatanipo kanthawi.

"Iyi Esitere akanaidziwa," anatero.

Tinayenda pang'ono. Kenako anawonjezera kuti, "Koma mawu ake ngati munthu wachimfine. Munagula yotchipa, eti?"

"Makutu anu ndi amene akalamba, Mwalimu. Musanamizire wailesi."

Anakangana mpaka pakhomo. Sabata yotsatira bawo linapukutidwa.

Anakhala choncho zaka zingapo. Wailesi ija sinavutepo. Batani lake linasuluka utoto pamene chala cha amalume chinkafika. Anthu akamandifunsa lero kuti agule wailesi yotani ya m'galimoto, ndimawauza kuti atseke maso m'sitolo, ayese kuizimitsa. Ena amaseka. Amene anayendapo ndi amalume saseka.

Amalume anadwala masiku ochepa. Anamwalira m'mamawa, ndipo mwa mwambo wathu anayenera kuikidwa tsiku lomwelo. Achibale ali kalikiliki ndi za sanda ndi manda, ine ndinatenga kiyi wa pikapu n'kupita kukatenga a Barnaba, kuti asachedwe. Ndinawapeza atavala kale jekete, ataima pamsewu. Atakwera anayatsa wailesi. Anati akufuna kumva dzina la mnzawo likutchulidwa pa mauthenga, pa wailesi yake yomwe. Tinalimva tili pamsewu watala.

Titayandikira kwa amalume, masamba anaonekera pamsewu, obiriwira, ongothyoledwa kumene. Dzanja langa lamanzere linachoka pa giya. Pabatani linakumana ndi dzanja la a Barnaba.

"Siya, mwanawe," anatero. "Ino ndi yanga."

Anadina. Tinalowa pabwalo mwakachetechete. Tsiku limenelo a Barnaba, ndi miyendo yawo yovuta ija, anayenda wapansi kumbuyo kwa jeneza mpaka kumanda. Sanachoke mpaka dothi lomaliza litathiridwa.

Pikapu tsopano ndikuyendetsa ndine, masiku amene ntchito yanga yandilola, mpaka banja ligwirizane chochita nayo. Mpando wa dalaivala unalowa pansi motsatira thupi la amalume, ndipo ine sindikwanamo bwino. Msana wanga umatsamira pamene iwo sankatsamira. Itatha sadaka ndinawaperekeza a Barnaba kwawo. Anakhala kuchitseko monga kale, magalasi pa kashelefu, pakati pathu palibe munthu. Tili m'njira anandiuza kuti ndikuthamanga. Ndinachepetsa.

Pobwerera ndinadutsa pa siteji ya Benga. Pansi pa mtengo umene amalume ankaimikapo galimoto, dothi ndi lakuda ndi oilo wa zaka zambiri. Mwala umene ankatchingira tayala lakumbuyo udakali pomwepo, wosalala mbali imodzi. Malo ndi ochepa pa sitejipo, ndipo madalaivala amakanganirana mthunzi tsiku lililonse, koma pamenepo palibe waimikapo. Ndinaona mayi wina atakhala pafupi ndi mwalawo, thumba la mpunga lili pambali, akuyang'ana kumsewu. Wina anapita kukamuuza za imfa ya amalume. Anagwira pakamwa, anakhala kanthawi, kenako anasenza thumba lake n'kupita kukafuna galimoto ina.